Ukatamba-tamba Uziyang'ana Kum'mawa

Anyamata ndi atsikana a ku Malambo, makamaka inu a ku Mfuwe, lero ndili nanu mlandu. Musathawe, si mlandu wa mbuzi yobedwa. Ndi mlandu wa maola, kuyambira pamene kum'mawa kwayamba kufiira kufikira pamene mthunzi wa munthu wafupika. Maola amenewa ndiwo cuma ceni-ceni ca m'cigwa cino, ndipo ambiri a inu mukuwataya mutafunda citenje kumutu. Mukadzuka mumayamba mwayasamula, kenaka mumafunsa ngati phala latsala, ndipo pofika 10 koloko mwayamba kale mau anu aja a masiku onse akuti, "Kwatentha, tidzacita mawa."

Kwatenthadi, palibe amene akukana. Chipata ali pamtunda wopitirira mamita 1,000 kucokera pa nyanja yamcere, pamene ife kuno tili pa mamita osafika 600. Munthu wotsika ndi msewu wocokera ku Chipata amamva yekha mpweya ukusintha, ngati akuyandikira ng'anjo ya njerwa. Mu Okutobala kutentha kumafika madigiri 40 ndi kupitirira. Nyenje zimalira mpaka m'makutu kuwawa, mcenga wa mu Luangwa supondeka, ndipo khasu losiyidwa padzuwa silikhudzika. Cifukwa ca ici tsiku la kuno silifanana ndi tsiku la ku Lusaka. Kalaliki wa ku Lusaka angathe kuyamba nchito 8 koloko ndi kuweruka 5 koloko madzulo, tsiku lake lili lathunthu. Kuno m'cilimwe tsiku la munthu wogwira nchito ya manja lili ndi zidutswa ziwiri cabe: cacikulu ca m'mawa ndi kakang'ono ka madzulo. Kumapeto kwa Okutobala ndi mu Novembala monse dzuwa limatuluka 5:30 isanakwane, ndipo 5 koloko imakwana kunja kutayamba kale kuyera. Werengani nokha tsono. Kucokera 5 koloko kufikira 10 koloko pali maola asanu. Wodzuka 8 koloko wataya atatu, ndiwo ozizirawo, ndipo watsala ndi awiri amene dzuwa layamba kale kulawa.

Funsani amene amadya ndalama za m'cigwa

Ngati mukuganiza kuti awa ndi mau a nkhalamba cabe, taolokani maganizo mupite kutsidya la mtsinje. Paki ya South Luangwa, imene inakhazikitsidwa mu 1972, ndi yaikulu makilomita 9,050 m'bwalo lake lonse, ndipo ndiyo imene inachukitsa dzina la Mfuwe kufikira ku London ndi ku New York. Nchito yoonetsa alendo nyama inayamba kale-kale, mu 1950, pamene Norman Carr anagwirizana ndi Mfumu yaikulu Nsefu kuti apatule gawo la dziko la Akunda likhale losungirako nyama, ndipo ndalama za alendo zizipita kwa eni dziko. Kucokera nthawi imeneyo kufikira lero zinthu zambiri zasintha. Misasa ya udzu yasanduka maloji okhala ndi madziwe osambiramo, ndipo alendo amatsika pa bwalo la ndege la Mfuwe. Koma nthawi yodzukira siinasinthe. Mlendo amagogoderedwa citseko ca m'ma 5 koloko, amamwa tiyi, ndipo 6 koloko, pamene cipata ca paki ca pa mlatho wa Luangwa cikutsegulidwa, ali kale m'galimoto. Ca m'ma 10 koloko wabwerera. Cifukwa cake n'cakuti nyama zimayenda kukali kozizira. Mkango umene unali pa nyama yake m'mbandakuca, pofika masana wagona pansi pa mvunguti ngati thumba, ndipo kambuku wabisala.

Taganizirani bwino nkhani imeneyi. Munthu wacokera kutsidya la nyanja, wakwera ndege zitatu, walipira pa usiku umodzi ndalama zimene ambiri a inu simunazigwirepo m'manja, ndipo cimene walipirira ndi cakuti wina amudzutse 5 koloko kuti akaone m'mawa wa ku Luangwa. Inu m'mawa womwewo munapatsidwa ulere, uli pakhomo panu, nang'omba akukuitanani ku dambo, ndipo mwautembenukira msana.

Nanga amene amamugogodera mlendoyo anadzuka nthawi yanji? Wophika buledi, wokoleza moto wa madzi, makanika woona mafuta ndi matayala, gaidi amene adzayendetsa galimoto, sikauti wa mfuti amene amaperekeza oyenda pansi, onsewa amakhala ali ciriri mlendo akali kulota. Ambiri a iwo ndi ana a kwa Kakumbi, kwa Mnkhanya, kwa Nsefu, anzanu amene munali kusewera nao mpira wa cikulunga. Ine ndamva anyamata ambiri akunena kuti, "Ndifuna kudzakhala gaidi." Cabwino, ndi nchito yaulemu. Koma mudziwe kuti mayeso a ugaidi a m'cigwa cino ndi obvuta: pali oyendetsa alendo pa galimoto, ndipo pali ena obvuta koposa a oyendetsa alendo pansi. Muyenera kudziwa mbalame ndi kulira kwake, mitengo, mapazi a nyama. Zimenezi simungaziphunzire masana pa bawo. Mbalame zimalira m'mamawa, ndipo mapazi a nyama amawerengeka bwino dzuwa likali pansi, mphepo isanawafafanize. Ndiponso mwini loji, asanaone satifiketi yanu, amayamba waona ngati mwafika pa nthawi imene anakuuzani. Nyengo ya alendo ambiri ndi yaifupi, ndipo misasa yambiri ya m'chire imatsegulidwa ca mu Juni ndi kutsekedwa mvula ikamayandikira. Palibe amene ali ndi nthawi yophunzitsa mwana wa eni kudzuka.

Si onse adzalembedwa nchito ku loji, ndikudziwa. Ambiri mudzadya za khasu, monga makolo anu. Koma khasu ndilo silikhululuka konse. Alangizi a ulimi wosunga nthaka, a COMACO ndi ena, akhala akuphunzitsa kuti maenje obzalamo akumbidwe mvula isanagwe, kuti mvula yoyamba yeni-yeni ikangogwa mbeu ilowe pansi. Ndiye kuti nchitoyi imagwera m'miyezi youma, nthaka ili gwaa, ndipo amene anazengereza amakumana nayo mu Okutobala. Kodi munthu angakumbe dothi la makande 11 koloko mu Okutobala? Angakomoke. Ngati sanakumbe m'mamawa ndiye kuti sakumba. Mvula ikagwa ayamba kuthamanga-thamanga, abzala mocedwa, udzu umupitirira, ndipo mu Febuluwale ali pa ganyu m'munda mwa mnzace amene anali kudzuka. M'mera mpoyamba, anatero akale. Woumba njerwa, wopalasa njinga ya makala, mai wopita ndi tomato ku msika, onse amayendera lamulo lomweli.

Kumene m'mawa umatayikira

Tsono funso ndi ili: kodi m'mawa wanu umatayikira kuti? Inu mumati umatayikira pamphasa, cifukwa tulo tanu ndi tolemera. Ine ndikuti umatayikira usiku, maso ali gwaa.

Pitani ku Cropping 10 koloko usiku mukaone. (Ana ambiri sadziwa kuti dzinali linacokera ku nchito yopha njobvu ndi mvuu mwa dongosolo la boma imene inali kucitika m'zaka za m'ma 1960. Masiku ano cimene cikuphedwa kumeneko ndi tulo.) Mipira yaikulu ya ku Ulaya ya mkati mwa sabata imayamba 9 koloko kapena 10 koloko usiku pa nthawi yathu, ndipo imatha ca pakati pa usiku. Ikatha simupita kukagona, mumayamba mkangano wa Arsenal ndi Manchester United, matimu a m'mizinda imene simunaipondepo, amene sadziwa n'komwe kuti kuli malo ochedwa Masumba. Mukafika kunyumba mumatulutsa foni. Facebook, WhatsApp, TikTok, cala cikungoseseleka pagalasi mpaka batire kuthera m'manja. Mu 2024, caka ca cilala, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri-mbiri pa tsiku, madzi a m'firiji anali kufunda, zigayo zinali kuima, koma foni ya mnyamata siinazime. Nzeru zopezera moto wa foni munali nazo. Nthawi yonseyi muli panja, miyendo ili poyera, ndipo udzudzu wa malungo, umene nchito yake ndi ya usiku, ukukuthokozani.

Akuluakulu anati ukatamba-tamba uziyang'ana kum'mawa, kungakucere. Anali kunena za afiti, amene akatanganidwa ndi kubvina kwao amaiwala kuti kunja kumaca, ndipo anthu amawapeza ali maliseche pa mtumbira. Inu simuli afiti, koma kukucerani tsiku ndi tsiku.

Thupi la munthu lili ndi wochi yake mkati. Izi si nthano: mu 2017 akatswiri atatu a ku America, Jeffrey Hall, Michael Rosbash ndi Michael Young, analandira mphotho ya Nobel cifukwa cofotokoza mmene wochi imeneyi imayendera. Kunja kukada, ubongo umatulutsa madzi ena ochedwa melatonin, amene amauza thupi kuti nthawi yogona yakwana. Kuwala kumacedwetsa madzi amenewa, ndipo zimene mukuona pa foni zimautsa mtima pamene unayenera kukhala pansi. Madokotala a za tulo a ku America, m'bungwe lao la American Academy of Sleep Medicine, ananena mu 2016 kuti mwana wa zaka 13 kufikira 18 amafunika kugona maola 8 kufikira 10 pa tsiku. Samu yake ndi ya Giredi 3. Wofuna kudzuka 5 koloko ali munthu, ayenera kukhala atagona pofika 9 koloko. Wogona 1 koloko ya usiku ali ndi njira ziwiri: adzuke 9 koloko tsiku litatha, kapena adzuke 5 koloko ali ngati nkhuku yonyowa. Njira yacitatu palibe, ngakhale mutachera mabelu atatu pa foni.

Pano wina wa inu amene amawerenga adzandiimitsa. Adzati, "Koma akatswiri omwewo amanena kuti wochi ya m'thupi mwa wacinyamata imacedwa, tulo timabwera mocedwa kusiyana ndi mwana wamng'ono kapena nkhalamba." Zoona zimenezo, ndipo sindizibisa. Ndico cifukwa cake ku California, kuyambira mu 2022, lamulo limaletsa masukulu ambiri a sekondale kuyamba 8:30 isanakwane. Koma California sakumba maenje ku makande. Iwo angathe kukankhira tsiku kutsogolo cifukwa ali ndi makina oziziritsa m'makalasi. Ife tikakankhira tsiku kutsogolo tikulikankhira pamoto. Ndiponso wochi ya m'thupi imamvera kuwala: amene amatuluka panja dzuwa likamatuluka, ndi kucepetsa kuwala usiku, wochi yake imabwerera m'mbuyo pang'ono-pang'ono. Mu 2015 akatswiri ena anayeza tulo ta anthu okhala opanda magetsi, Ahadza a ku Tanzania, Asan a ku Namibia ndi Atsimane a ku Bolivia. Anapeza kuti amagona patapita maola ngati atatu dzuwa litalowa, ndipo ambiri amadzuka dzuwa lisanatuluke, pa nthawi imene kunja kwazizira koposa. Kuno dzuwa limalowa ca m'ma 6 koloko. Onjezani atatu. Agogo anu sanawerenge zimenezi m'buku, koma ndiyo nthawi imene anali kufotsera moto.

Kudzuka usiku si kulawira

Musafulumire kuomba m'manja, inu odzitama kuti mumadzuka 3 koloko, pakuti nanunso ndili nanu mau.

Masiku ano pa mafoni pamayenda timau tambiri tolimbikitsa anthu kudzuka usiku, ngati kuti cuma cimagawidwa mumdima. Ku Canada kuli mlembi wina, Robin Sharma, amene mu 2018 anatulutsa buku lochedwa The 5 AM Club, ndipo anthu a m'maofesi a m'maiko ambiri analigula ngati mankhwala. Kunena zoona ine ndimaseka. Amai a kwa Jumbe ndi a kwa Msoro akhala akudzuka nthawi imeneyo isanakwane kuyambira ali atsikana, ndipo palibe amene anawalembera buku, ndiponso sanalemere. Kudzuka pakokha sikulemeretsa munthu. Mnyamata wodzuka 5 koloko n'kukhala pa citsa kuotha dzuwa mpaka 9 koloko sanapose mnzace wogona uja, wangosintha malo ocitirapo ulesi. Wolawira weni-weni amagona akudziwa cimene adzagwira kukaca: khasu lanoledwa madzulo, njinga yapopedwa, buku latsegulidwa pa tsamba lake.

Ndipo inu ana a sukulu, mcitidwe uja wodzuka 2 koloko ya usiku n'kubviika mapazi m'beseni la madzi ozizira kuti tulo tisabwere, muusiye. Mayeso akulu-akulu m'dziko lathu amalembedwa kumapeto kwa caka, pa nthawi yomweyo imene kuno kwatentha koposa, ndipo ndikumvetsa kuti mantha amakugwirani. Koma zimene munthu waphunzira masana zimakhazikika mu ubongo pamene ali m'tulo. Wodula tulo kuti awerenge ali ngati wothira madzi m'mtsuko umene waumbidwa dzulo, usanaoche. Maso amayenda pa mizere, mutu sukugwira kanthu, ndipo mawa lake m'kalasi akuodzera pamene mphunzitsi akufotokoza cinthu comwe cidzabwera pa mayeso. Ola limodzi la m'mbandakuca, munthu atagona mokwanira, liposa maola atatu a m'beseni.

Palinso cina cimene wolemba mabuku wa ku Canada sangacidziwe. Kuno mdima uli ndi eni ace. Njobvu zimaoloka Luangwa madzulo kudzadya m'midzi ya ku Lupande, makamaka mango akapsa ndiponso mbeu zikaca m'minda, ndipo zimabwerera m'mamawa. Mvuu imadya msipu kumtunda usiku wonse, ndipo kukamaca imabwerera kumadzi ndi njira yake. Tsoka kwa amene wapezeka pakati pa mvuu ndi mtsinje. Ng'ona ili pa dooko. Palibe mudzi kuno umene sudziwa maliro ocokera ku zimenezi. Cotero pamene ndikuti dzukani, sindikuti tulukani mumdima mukapalase njinga m'njira ya njobvu kuti anthu akutameni. Nthawi ya mdima wotsiriza ndi ya zapakhomo: kusukusula, kukoleza moto, kuwerenga pa nyale ya sola. Ulendo uyambe pamene maso angathe kusiyanitsa njobvu ndi culu. Apa ndipemphenso aphunzitsi, pakuti ndikudziwa kuti magazini ino imafikanso m'manja mwao. Mwana akacedwa, yambani mwafunsa. Wina wacedwa cifukwa ca mpira wa usiku, ameneyo mudziwa nokha cocita naye. Koma wina waima theka la ola kudikira kuti njobvu ya mwana icoke panjira, ndipo ameneyo wacita mwanzeru. Mukamupatsa cikwakwa kuti acheche udzu, mukumuphunzitsa kuti mawa adzadutse pafupi ndi njobvu.

Dandaulo limodzi lokha ndilo ndimalimva ndi makutu onse awiri. Mu Okutobala nyumba ya malata imasunga moto wa masana mpaka pakati pa usiku. Munthu amagona 9 koloko, koma amangotembenuka-tembenuka m'thukuta, ndipo tulo tokoma timabwera ca m'ma 4 koloko, pamene kamphepo kayamba. Kumudzutsa 5 koloko kumakhala ngati kumulanda nsima pakamwa. Palinso anyamata amene m'nyengo ya dzinja amacezera kumunda kulondera njobvu, akuomba zitini ndi kufukiza tsabola wosakaniza ndi ndowe. Amenewa akagona m'mawa palibe wowanena. Koma yankho la kutentha si kugona m'mawa, pakuti m'mawa ndiwo wokha umene tili nao. Yankho lili masana. Onani nyama: pofika 12 koloko zonse zili pamthunzi, zaima duu. Onani ku maloji: mlendo akabwerako m'mawa amadya, amagona, ndipo amatulukanso ca m'ma 4 koloko madzulo. Munthu amene wagwira nchito kucokera 5 koloko kufikira 10 koloko ali ndi ufulu wonse woyala mphasa pansi pa bwemba ndi kubweza tulo take, ndipo wina asamuchule mlesi. Colakwika cathu n'cakuti tinatengera nthawi ya m'tauni, imene imati kugona masana ndi manyazi, ndipo tinaiphatikiza ndi usiku wa m'tauni. Mapeto ake timagona pa nthawi yogwira nchito, timayesa kugwira nchito pa nthawi yopumula, ndipo timaceza pa nthawi yogona.

Iwe mnyamata, mlongo wako anadzuka nthawi yanji?

Ndasunga mau awa kuti ndilankhule ndi iwe wekha, pakuti pamene ndakhala ndikunena kuti acinyamata a ku Mfuwe amagona, atsikana ambiri akhala akundiyang'ana modabwa. Iwo sagona. M'nyumba zambiri mtsikana ndiye woyamba kudzuka ndi wotsiriza kugona. Nkhwali zisanalire ali kale pa mzere ku mpope, cifukwa akacedwa mzere utalika. Cigubu ca malita 20 cimalemera makilogalamu 20, ndipo amacisenza kawiri kapena katatu. Akabwera asese pabwalo, akoleze moto, atsuke mbale za dzulo, asambitse mwana, aphike phala. Madzi amene iwe umasukusula ukadzuka, amene umadandaula kuti acepa, anabwera pamutu pake. Kenaka nonse awiri mumabvala yunifomu ndi kupita ku sukulu imodzi, kukalemba mayeso amodzi-modzi.

Kuyambira mu Januwale 2022 boma linacotsa malipiro m'masukulu ake kufikira ku sekondale, ndipo atsikana ambiri amene akanakhala pakhomo ali m'kalasi. Ndi cinthu cabwino. Koma boma silingalowe m'nyumba mwanu kukagawa zigubu. Mtsikana amafika m'kalasi atagwira kale nchito ya maola awiri, ndipo pofika phunziro lacitatu mutu wagwera pa desiki. Mphunzitsi amati ndi waulesi. Anzace amaseka. Zotsatira za mayeso zikatuluka, akulu-akulu pa bwalo amagwedeza mitu n'kumati ana aakazi sukulu siiwayanja, bola akwatiwe. Palibe amene amawerenga maola a tulo amene mwanayo analandidwa caka conse kuti iwe ugone mpaka dzuwa likulase m'maso.

Udzati kutunga madzi ndi nchito ya akazi, anzako angakuseke. Anzako ati? Omwe aja amene mumalimbirana nao za Arsenal? Pita ku loji iriyonse ukaone amene amaphika, amene amayala mabedi, amene amacapa ndi kusita: ambiri ndi amuna, a ndebvu zao, ndipo kumapeto kwa mwezi amalandira malipiro. Nchito imene ukuikana kwa amai ako ulere ndi yomweyo imene udzaipempha kwa mlendo utagwira cipewa m'manja. Ndiponso iwe uli ndi njinga. Zigubu ziwiri zimene mlongo wako amazisenza maulendo awiri, iwe ungazimange pa kaliyala ulendo umodzi, ndipo nonse mungakhale ndi theka la ola loyang'ana m'buku kunja kukali kozizira.

Makolo, pakuti nanunso mumasuzumira m'masamba ano ana akagona, nkhani iyi ikukhudzani. Mumadzutsa mwana wamkazi ndi mau okalipa, koma pa citseko ca gowelo mumadutsa mwakacetecete, mukuti mwamuna asasokonezedwe. Madzulo mwana wamkazi akacedwa pang'ono mumamuyendera ndi nyale, koma wamwamuna akabwera 1 koloko ya usiku mumangomva citseko, osafunsa kanthu. Mukulera munthu amene adzabvutitsa mwana wa eni. Mawa m'mamawa gogodani zitseko zonse ziwiri, ndipo lero lino, 9 koloko ikakwana, foni ya mnyamatayo igone m'cipinda canu.